Mayi Chitseko ndi Sheya Yawo Yamatabwa

Anthu ena amatchuka ndi mowa, ena ndi ndewu, ena ndi lilime lakuthwa. Mayi Chitseko anatchuka chifukwa anali mwini wake wa chitseko. Osati nyumba, osati chipinda, ayi ndithu, koma chitseko chokha, cha shopu ya kopaletivi yathu ya matelala, pamodzi ndi mahinjesi ake ndi chogwirira chake. Dzina lawo lenileni linaiwalika iwo akadali moyo, moti ngakhale adzukulu awo akabwera kudzawafuna ankafunsa kuti, "Agogo a Chitseko alipo?" Ine ndine wodula nsalu pashopupo, ndipo tebulo langa lili pafupi penipeni ndi khomo. Choncho nkhaniyi sindinachite kumva kwa wina. Ndinaiona ndi maso, ndinaipumanso ndi mphuno, poti fumbi lonse la mumsewu linkayamba lapereka moni kwa ine lisanafike kwa anzanga.

Zinayamba tsiku lomwe tinakhazikitsa kopaletiviyo. Kale aliyense wa ife ankasokera pakhonde la sitolo ya eni ake, mvula ikabwera n'kumathawa ndi makina pamutu. Titatopa nazo tinagwirizana, tinapeza chipinda chachikulu chomwe chinali mosungira katundu, ndipo kunabwera mlangizi wa za makopaletivi, bambo wa tayi, kudzatiphunzitsa.

"Aliyense wa inu ali ndi sheya," anatero mlangiziyo. "Shopuyi ndi yanu nonse. Aliyense pano ndi mwini wake."

Mayi wina wamng'ono thupi, amene ntchito yake inali yosokerera mabatani, anakweza dzanja.

"Sheya yangayo ili pati, mwana wanga?"

"Ili paliponse, mayi. M'makinamu, m'matebulomu, m'dzina la gululi."

"Paliponse ndiye kuti palibe. Ndionetseni pomwe ndingaike dzanja."

Mlangizi anafotokoza kachiwiri, anabwerezanso, thukuta lili kamukamu. Musaganize kuti mayiwo sanamve. Anamva bwino lomwe, kungoti anali munthu wosakhulupirira chinthu chomwe sangachipukute ndi kansalu. Atatopa, mlangizi uja anaseka n'kuloza kukhomo.

"Chabwino mayi, tengani chitsekocho."

Tonse tinafa nako kuseka. Iwo sanaseke. Anadzuka, anapita kukhomo, anachigogoda ndi chala ngati munthu wosankha chivwende pamsika, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwamva nonse," anatero. "Mboni ndinu."

M'mawa mwake anafika ndi ndowa, sopo ndi burashi. Chitseko chija chinasamba koyamba chichokereni kwa kalipentala. Kuyambira pamenepo mafuta othira m'makina anayamba kutha modabwitsa, ndipo titafufuza tinapeza kuti akumwedwa ndi mahinjesi. Munthu aliyense mumsewu wathu akapenta nyumba, penti wotsala ankadziwa kokathera. Chitseko chathu chinakhalapo chobiriwira, chinakhalapo chofiira, ndipo chaka china chinali ndi mtundu womwe mpaka lero sindinaupezere dzina.

Tsiku lina atcheya athu, bambo a mimba yawo, munthu woopedwa ndi aliyense, anatuluka atapsa mtima ndi kasitomala n'kumenyetsa chitseko, phaa! Makina onse anaima. Mayi Chitseko anaika chitini cha mabatani pansi pang'onopang'ono.

"Bambo atcheya, tabwerani kuno."

"Pepani mayi, ndinakwiya."

"Osapepesa ine. Ine simunandimenye."

Ndikukuuzani zoona, bambo wamkulu uja anavula chipewa n'kupepesa chitseko, ife tikuluma milomo kuti tisaphulike.

Zonsezi tikanapirira. Chomwe chinatidya mutu ndi lamulo lawo lalikulu: dzuwa likadali kunja, chitseko sichitsekedwa. Ankachitsegula pululu, n'kuchitchingira ndi simbi yakale yamakala, iwo n'kukhala pakampando pambali pake, chitini pamiyendo, maso ali kumsewu. Kuzizire, kutenthe, kuombe mphepo, zawo zinali zomwezo. Tsono inu simudziwa chomwe mphepo imachita kwa munthu wodula nsalu. Ndayala pepala la patani, ndalemba ndi choko, ndikuti nditenge sizasi, basi mkono wa jekete wanyamuka, uwo uli pamsewu. Ndinathamangitsapo kolala mpaka kokwerera basi, anthu akuombera m'manja.

"Mayi, tatsekaniko pang'ono," ndinkawapempha ndikubwerako ndili wefuwefu. "Theka lokha."

"Bambo Sizasi," limenelo ndi dzina lomwe anandipatsa, "sheya yanu ili paliponse. Katsekeni paliponsepo."

Ndipo khomo lotsegula limaitana zinthu, abale. Mvula ikangoti wa, amayi ogulitsa zipatso ankalowa ndi mabeseni awo, shopu yonse n'kumanunkhira nthochi. Wometa tsitsi woyandikana nafe anapeza kuti mulu wathu wa zigamba ndi wofewa kuposa bedi lake, ndiye masana alionse ankabwera kudzawongola msana, mkonono wake n'kumapikisana ndi makina. Kenako kunabwera nkhuku. Inalowa mwaulemu, inayendera shopu yonse, n'kusankha dengu la zidutswa za nsalu pansi pa tebulo langa.

"Mayi, nkhuku si membala!" ndinakuwa.

Anasuzumira m'dengumo n'kutulutsa dzira.

"Iyi yabweretsa chake. Inu chifikireni m'mawa mwaikira chiyani?"

Koma ntchito yawo yeniyeni inali yosaka anthu ong'ambika. Maso awo ankaona chibowo pa kabudula munthu akadali kutsidya kwa msewu. Mwana wasukulu akamadutsa atagwira kumbuyo ndi kope, ankangomva, "Iwe, lowa kuno, dziko lonse laona kale." Mwanayo ankakulungidwa m'nsalu, kabudula n'kuponyedwa pa makina a aliyense amene wapezeka akuyasamula. Wonyamula katundu pamsika, wosesa mumsewu, gogo wa jekete lopanda mabatani, onse ankakokedwa choncho. Ukati udandaule kuti uli ndi ntchito ya kasitomala, ankakuyang'ana ndi maso aja mpaka wekha n'kuyamba kupalasa makina.

Titaona kuti sitingapambane, tinangokhazikitsa kuti Lachisanu masana tizisoka zaulere za anthu ovutika, mwina masiku enawa tipumeko. Sitinapume, koma Lachisanulo linakhazikika. Zigamba zomwe wometa ankagonera tinayamba kuzilumikiza n'kupanga zofunda za okalamba. Mlangizi uja atabweranso anatiyamikira kwambiri, akuti kopaletivi yeniyeni imasamala anthu oizungulira, ndipo atcheya anavomera ulemu wonsewo ndi manja awiri ngati nzeruyo inali yawo. Ndivomereze ndithu, ngakhale zimandiwawa, kuti makolo a ana a makabudula aja ndi omwe pambuyo pake ankatibweretsera masuti a ukwati.

Ndiyeno panali mayi wa pabenchi. Anabwera tsiku lina ndi mwana kumbuyo, mpango atautsitsa mpaka pa diso, n'kupempha kuti amusokerere batani. Ntchito ya kamphindi. Batani linasokedwa, koma iye anakhalabe pabenchi ya mkati mwa khomo mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake anabweranso ndi batani lina. Mkuja wake chimodzimodzi. Ine diso langa ndi la wodula nsalu, ndinaona kuti ulusi wa mabataniwo sunkaduka wokha, unkachita kudulidwa ndi lezala. Ndinawatsina khutu Mayi Chitseko.

"Ndinaona kale inu musanadzuke," anandiyankha chapansipansi. "Mwamuna wake amagwira ntchito usiku, masana amakhala pakhomo ndi botolo, ndipo manja ake ndi opepuka. Mwaliona diso lija? Dulani nsalu zanu, bambo Sizasi."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anamufunsa kanthu mayi uja. Mayi Chitseko anangomupatsa singano ndi ulusi, n'kumukankhira theka la mabatani. Mayi uja sankayankhula zambiri. Koma ndinkaona mapewa ake akutsika akangodutsa pakhomo paja, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. M'dera lonse lija, benchi imeneyo ndi malo okhawo omwe ankakhala osatchera khutu kumbuyo.

Kenako sizasi yanga inasowa. Sizasi yaikulu, yomwe ndinayamba nayo ntchito ndili ndi tsitsi lonse pamutu. Ndinaiika patebulo, ndinapita kuseri, pobwera palibe. Tsiku limenelo m'shopu munali ogulitsa zipatso, wometa, ana asukulu, ndi anthu ena omwe ngakhale Mayi Chitseko sankawadziwa. Sabata isanathe unasowanso mpukutu wa nsalu ya mayunifolomu. Apo ndiye zinandikwana. Pamsonkhano wa mamembala ndinaimirira n'kunena kuti chitseko chizikhala chotseka, kasitomala azigogoda, ndipo amene si membala kapena kasitomala asamalowe. Mpaka lero ndikuti ndinali ndi mfundo. Sizasi ija sinapezeke, ndipo ndikamuona wometa akumeta anthu bwino chonchija, mtima wanga umafunsabe mafunso.

Atcheya anati tivote pokweza manja. Ovomereza tinali tonse. Okana, Mayi Chitseko anakweza manja onse awiri.

"Mayi, voti ndi imodzi pa munthu," anatero atcheya.

"Dzanja ili ndi langa. Ili ndi la chitseko."

"Chitseko sichivota."

"Nanga mukuchiweruza bwanji osachifunsa?" Kenako anatsitsa mawu. "Nanga uyu wa pabenchiyu azipita kuti?"

Atcheya anakanda mutu. "Si membala, mayi. Tikayamba kusankha, lamulo lafa."

Tinali titaiwala kuti mayi uja ali pomwepo. Anadzuka mwakachetechete, anabaya singano pa kansalu komwe ankasoka, anamanga mwana kumbuyo n'kutuluka. Palibe anayang'ana mnzake. Ndinali nditapambana, koma sindinasangalale nazo.

M'mawa mwake ndikufika pantchito ndinapeza chibowo pakhoma. Felemu ilipo, chitseko palibe. Pansi panali mpeni wa kukhitchini ndi masikuluwu ataikidwa bwinobwino m'chivundikiro cha botolo. Nditayang'ana kumunsi kwa msewu ndinaona chitseko chobiriwira chikuyenda chokha, timiyendo tiwiri tikuoneka pansi pake, ogulitsa zipatso akuchiperekeza ndi nthungululu. Atcheya anathamanga, mimba ili patsogolo, ine pambuyo.

"Mayi! Mukupita nacho kuti?"

"Kwathu," linayankha liwu pansi pa chitseko.

"Ndiye kuti mwatuluka m'kopaletivi?"

"Ine? Ndituluke ndipite kuti? Sheya yangayi ndi yomwe yatenga tchuthi. Ine ndikubwera ndikangoitula, mabatani akundidikira."

Anabweradi, n'kukhala pakampando kawo pambali pa felemu yopanda kanthu. Posakhalitsa anatuma wogulitsa nthochi kukaitana mayi wa pabenchi, ndipo mayiyo analowa mwamantha n'kukhala pamalo pake. Atcheya anatsokomola.

"Mayi, paja tinagwirizana dzulo."

"Munagwirizana kuti chitseko chizikhala chotseka. Ine sindikuletsani. Tsekani."

Tinapita kwa kalipentala kuti atipangire china. Anamvetsera nkhani yonse, n'kuika randa pansi.

"Ine ndipachike chitseko pa felemu ya mayi aja? Ana anga onse anaphunzira atavala zigamba za iwowo. Mukufuna ndizidutsa kuti popita kumsika?"

Kalipentala wachiwiri anati ali ndi maliro. Wachitatu anangotiona tikubwera n'kutseka shopu yake. Choncho poweruka tinkakankhira kabati yaikulu pakhomo, ndipo amunafe tinkasinthana kugona m'shopu pa mulu wa zigamba. Msana wanga sunakhululukebe mpaka pano.

Chitsekocho kutchuthi kwakeko sichinapume. Tinamva kuti chanyamulira mayi ake a wometa kupita kuchipatala atathyoka mwendo. Tinamva kuti chakhala tebulo pa ukwati wa mwana wa wosoka nsapato. Tinamva kuti chagona masiku angapo pa nyumba ya mayi wina wamasiye yemwe akuba anamuthyolera chake. Mayi Chitseko ankatibweretsera malipoti amenewa m'mawa uliwonse, nkhope ili ngwee.

"Sheya yanga dzulo inali ku ukwati. Zanu zija zili paliponse zachitako chiyani sabata ino?"

Tikanakokanabe mpaka kalekale pakanapanda tsiku lija. Anali masana, makina akulira onse, pomwe tinamva munthu akubwera akutukwana mumsewu. Mayi wa pabenchi analizindikira liwulo ife tisanamve mawu ake. Nkhope yake inasintha, anakumbatira mwana n'kukabisala kuseri kwa tebulo lositira. Anali mwamuna wake, chimunthu chachitali, maso ali psuu. Wina anali atamuuza komwe mkazi wake amathera tsiku. Atcheya analumpha kuti atseke chitseko, dzanja lawo n'kugwira mphepo.

Pamenepo Mayi Chitseko anadzuka n'kuima pakati pa felemu. Mutu wawo unkalekeza pa chifuwa cha bamboyo.

"Chokani mayi, ndikufuna mkazi wanga."

"Shopu yatsekedwa."

"Yatsekedwa ndi chiyani? Chitseko palibe apa!"

"Ukuchiona."

"Ndikukankhani, mayi inu."

"Kankha, mwana wanga. Koma udziwe kuti chitseko chimenechi chili ndi eni ake ambiri."

Bambo uja anakweza dzanja. Ine ndine munthu wamantha, nkhuku ija inkadziwa zimenezo. Koma sindikudziwa kuti miyendo yanga inaganiza chiyani, ndinangozindikira ndaima pambali pa mayiwo, rula yamatabwa ili m'manja. Atcheya anabwera mbali inayo, mimba yawo n'kutseka theka la khomo, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaiona ntchito yake. Wosita anaima kumbuyo kwathu ndi simbi yamoto. Amayi a makina anadzaza mipata yotsala, matepi ali m'khosi. Kunja, wometa ndi ogulitsa zipatso anali atamuzungulira kale. Bamboyo anayang'ana uku, anayang'ana uko, analavula pansi n'kubwerera akung'ung'udza.

Bamboyo atakhota pakona, Mayi Chitseko anakhala pansi mwadzidzidzi. Chitini chija chinawapulumuka n'kugwa, mabatani n'kumwazika shopu yonse. Aka kanali koyamba kuwaona akuoneka okalamba.

"Bambo Sizasi," anatero atapeza mpweya, "mawa mulawire kwathu mudzandithandize kusenza. Ndaona kuti ine ndine wamfupi. Pamwamba pamatsala mpata."

Tsiku lomwelo atcheya anaperekeza mayi wa pabenchi kupolisi, ndipo madzulo ake mayiyo anakagona kwa Mayi Chitseko. Anakhala komweko mpaka atapeza kachipinda kakekake. Kwa mwamuna uja sanabwererenso. Ife tinachita msonkhano wina, waufupi kuposa yonse yomwe ndinakhalapo. Tinagwirizana kuti masizasi ndi mipukutu ya nsalu zizikhala m'kabati yokhoma, chitseko chizikhala chotsegula, ndipo woti atseke masana akhale mwini wake yekha akaona chifukwa. Ndinachisenza ndine pobwerera, ndipo ndikuuzeni, chinali cholemera ngati ng'ombe. Momwe kamayi kaja kanachinyamulira kokha, sindidziwa.

Zaka zinadutsa. Mwana wa kumbuyo uja anayamba sukulu atavala yunifolomu yodulidwa ndi ine. Mayi ake anachoka pa mabatani n'kufika pa mazipi, ndipo zipi yoikidwa ndi iye inkatha thalauza litang'ambika kale. Koma umembala analibe. Tinali titadzaza malo onse omwe malamulo athu ankalola, ndiye iye ankangogwira ngati wothandiza, pamisonkhano n'kumakhala panja. Nkhaniyi inkawasowetsa mtendere Mayi Chitseko, ndipo ankaikumbutsa msonkhano uliwonse mpaka atcheya ankaidziwa pamtima.

Kenako Mayi Chitseko anayamba kujomba. Munthu amene sanadwalepo ngakhale chimfine, ndi mphepo yonse ija, anagona. Tinapita kukawaona masana ena, ine, atcheya ndi mayi wa pabenchi. Tinawapeza atatha, atatsala maso okha, mwana wawo wamkazi akuwakupiza.

"Mwasiya ndani pakhomo?" linali funso lawo loyamba.

"Wosita, mayi."

"Ameneyo amachitsamira. Mukamuuze." Anapuma pang'ono. "Bambo atcheya, ine ulendo wayandikira. Sheya yanga ndikusiyira uyu." Analoza mayi wa pabenchi ndi chibwano.

Atcheya anasisita chipewa. "Mayi, malamulo amati sheya imapita kwa a pabanja."

Mwana wawo anaseka misozi ili m'maso. "Atcheya, ife chitseko tili nacho kale kwathu. Chinacho tikachipachika pati? Mupatseni mchemwali wangayu, wakhala m'nyumba muno, ndi wa pabanja."

Mayi wa pabenchi anagwada pambali pa bedi. Mayi Chitseko anamugwira mutu.

"Usalire, mvetsera. Hinjesi yapansi imadandaula nyengo yozizira, uziipatsa mafuta kawiri. Mafutawo uzitenga pa makina a atcheya, sazindikira. Ndipo bambo Sizasi akakupempha kuti utsekeko theka, uziwamvera chisoni, koma usatseke."

"Mayi, ngakhale pano?" ndinatero.

"Makamaka pano. Mphepo ija ndi yomwe yakusungani wathanzi. Mukanathamanga liti inu?"

Tinaseka tonse, ndipo ine ndinatuluka msanga kunja ngati ndikufuna kutsokomola. Pamsonkhano wotsatira mayi wa pabenchi analowa mkati, anakhala pampando, ndipo pa nkhani yoyamba yomwe tinavotera anakweza dzanja mochedwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati wina amuletsa. Uthenga umenewu unawapeza Mayi Chitseko akadali moyo. Anatisiya patangopita masiku ochepa.

Tsiku loika maliro tinakumana ndi vuto lomwe palibe analiganizira. Tonse tinkafuna kupita, palibe amene akanalola kutsala. Tinasonkhana pashopu kutenga nsalu yomwe tinawasokera, ndipo pochoka panafunika kutseka. Dzuwa linali pamutu. Mwini wake watsopano anachotsa simbi yakale ija, anagwira chogwirira, anakoka pang'ono, n'kusiya.

"Sindingathe," anatero. "Osati lero."

Anapereka kiyi kwa atcheya. Atcheya anandipatsira ine. Tangoganizani, ine, amene ndinalimbana nacho chitseko chimenechi zaka zonsezi, mwayi wanga unali utafika, ndipo dzanja linakana. Tinangoima pamenepo ngati ana osochera, m'kati muli makina onse, masuti a eni ake atapachikidwa poyera.

Wometa ndiye anayankhula. Anali ataima panja ndi amayi a zipatso, wosesa mumsewu, ndi gogo wina atafunda chofunda cha zigamba zathu.

"Pitani mukawaperekeze mayi athu," anatero. "Ife tinapita kale kusiwa m'mawa. Pano tikhala ndife."

Tinapita, chitseko chili pululu. Pobwerera madzulo ndinalowa mtima uli m'mwamba, sindibisa, maso anga anathamangira ku masuti. Onse analipo. Pansi panali posesedwa, mawindo opukutidwa, ndipo anthu aja anali atakhala mondondozana pakhomo, ena sindinawaonepo n'kale lonse. Anadzuka, anatipepesa ngati ndife abale a malemu, n'kumapita mmodzimmodzi.

Lero shopu ikuyenda bwino. Makina akulira, Lachisanu tikusoka zaulere, chitseko chili chitsegulire, ndipo mwini wake amachisamala koposa. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndinazindikira mochedwa. M'zaka zonse zija, sindinamvepo munthu akuodira pakhomo pathu. Sankapatsidwa mpata, ankakhala ataitanidwa kale akadali pamsewu. Masiku ano munthu amafika, amaima pakhomo lotsegula, amasuzumira mkati, n'kunena chapansipansi kuti, "Odi." Ndiye pamakhala kamphindi kachete, aliyense wa ife mutu uli pa ntchito yake, kudikira liwu lomwe silikubwera. Kenako timadzidzimuka n'kuyankha tonse pamodzi, mokweza kuposa muyeso, mpaka mlendoyo kudabwa kuti walakwa chiyani.